Luso la kwa Nsabwe lisamadikire mlendo wodutsa

Aliyense amene adayendapo kwa Nsabwe, kummwera kwa boma la Thyolo, akudziwa kuti nyimbo kumeneko sizisowa. Lamulungu makwaya amadzaza matchalitchi mpaka ena kumvera pawindo. Pamaliro pamakhala amayi oti akangoyambitsa nyimbo, khamu lonse limavomera popanda wophonya. Tsiku la malipiro m'maesiteti a tiyi, anyamata amene aswera masabata dengu lili kumsana amatulutsa magitala opanga okha, thupi lake chigubu cha mafuta, nsambo zake mawaya a mabuleki a njinga, n'kukhala pakhonde la golosale mpaka mdima kugwa. Ena adaphunzira kupanga zing'wenyeng'wenye pa kompyuta yakale, m'kachipinda kokhoma matileyi a mazira m'makoma, moto wake wa sola. Nyimbo ikapsa amakaisiya kwa mnyamata wokopera nyimbo pamsika, ndipo sabata isanathe imakhala ikulira m'mafoni a akabaza. Koma mwa onse amene amaimva, mulibe ndi mmodzi yemwe amene angaiike pa wailesi yomveka dziko lonse, kuitanira mwiniwake ku phwando lalikulu la zoimbaimba, kapena kumulozera kokailembetsa kuti ikhale yake pamaso pa malamulo.

N'chifukwa chake ife tikuti Thyolo ikufunika chionetsero cha oimba ongoyamba kumene, chochitika chaka ndi chaka, ndipo malo ake akhale kumidzi komweko. Tikamati chionetsero sitikunena dansi wamba wolipiritsa pakhomo. Pa dansi woimba amasangalatsa anthu, kukacha zatha. Pa chionetsero amapatsidwa mphindi 20 kapena 30 ndi zokuzira mawu zabwino, ndipo pamipando yakutsogolo pamakhala anthu amene amadyera kusankha nyimbo: okonza mapulogalamu pa wailesi ndi pa kanema, eni masitudiyo, mamanijala, okonza maphwando ndi atolankhani. Akatsika pansanja amakhala nawo pansi, kufunsana, kupatsana manambala.

Mbiri ya nyimbo zathu yadzaza ndi anthu amene adatuluka mwamwayi. Mu 1967 Gerhard Kubik, katswiri wa ku Austria wofufuza za nyimbo za mu Africa, adapeza Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka akuimba m'misewu ya Blantyre, ndipo mkumano umenewo ndiwo udatsegula njira yoti kwela wawo akamveke ku Ulaya. Anyamata a Malawi Mouse Boys ankagulitsa mbewa m'mphepete mwa msewu pamene Ian Brennan, wojambula nyimbo wa ku America, adaima n'kuwamva. Chimbale chawo choyamba chidatuluka mu 2012, ndipo chaka chotsatira adakaimba ku phwando la WOMAD ku England. Nkhani zimenezi timazikonda, ndipo n'zokomadi kuzimva, koma zonse zidatheka chifukwa munthu woyenera adadutsa pamalopo tsiku limenelo. Mumsewu wa kwa Nsabwe alendo otere sadutsamo kawirikawiri.

Madalitso Band ndiyo imaonetsa bwino chimene nsanja imodzi ingachite. Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni adatha zaka zoposa 10 akuimba m'misewu ndi m'misika ya Lilongwe, mmodzi akukoka babatoni wa nsambo imodzi, mnzake akukhwatcha gitala wa nsambo zinayi uku akugunda ng'oma ndi chidendene. Anthu ankawadziwa, ankawaponyera timakobili, basi. Mu 2017 adapeza mpata ku Sauti za Busara, phwando la nyimbo limene limachitika mwezi wa February ku Zanzibar. Phwando limeneli lili ndi kachitidwe kake. Kupatula khamu lodzavina, kumafika okonza maphwando ndi mamanijala ochokera m'maiko ambiri, ndipo masana amakhala ndi mikumano yawo ndi oimba. Awiriwa adaimba zomwe zija ankaimba ku Lilongwe, ndi zida zomwe zija. Pasanapite nthawi adali paulendo wokaimba ku Ulaya, kampani ya Bongo Joe ya ku Geneva idatulutsa chimbale chawo mu 2019, kenako china chotchedwa Musakayike mu 2022. Pakati pa msika wa Lilongwe ndi Zanzibar chimene chidasintha ndi anthu amene ankamvetsera.

Thyolo ilinso ndi chitsanzo chake, koma chowawa. Alan Namoko, yemwe adabadwa mu 1956, adali wosaona, ankaimba banjo ndi gulu lake la Chimvu River Jazz Band, m'Chilomwe ndi m'Chichewa. Wailesi ya MBC idamumveketsa dziko lonse, ndipo Dr John Lwanda adatulutsa nyimbo zake kudzera mu kampani yake ya Pamtondo. Mpaka lero oimba a m'tauni amabwereza nyimbo zake pansanja, ndipo kayimbidwe kake ka banjo ndi kamodzi mwa zinthu zimene munthu akamva amadziwiratu kuti izi n'za ku Malawi. Komabe Namoko adamwalira mu 1995 asanadye thukuta lake molingana ndi kutchuka kwake. Phunziro lake kwa ife ndi lakuti kumveka pakokha sikukwanira ngati palibe wokuuza za mapangano, za umwini wa nyimbo ndi za ndalama. Chionetsero chabwino chiyenera kunyamula zonsezi pamodzi.

Sitikuiwala ntchito imene ena agwira kale. Lake of Stars idayamba mu 2004 ku Chintheche. Blantyre Arts Festival idatsatira mu 2009, ndipo malemu Lucius Banda adayambitsa Sand Music Festival mu 2010. Bungwe la Music Crossroads, limene lili ndi sukulu ya nyimbo ku Lilongwe, lidakhala likuchititsa mipikisano ya achinyamata, ndipo kudzera mumpikisano womwewo gulu la Body, Mind & Soul la ku Mzuzu lidakafika ku Ulaya. Zonsezi n'zoyamikika. Koma maphwando aakulu ali kunyanja kapena m'mizinda. Kuchokera pa boma la Thyolo kukafika ku Limbe ndi makilomita pafupifupi 40, ndipo wa kwa Nsabwe amayamba wavutika kaye kuti afike pa boma pomwepo. Mnyamata wothyola tiyi akaika pamodzi thiransipoti ya anthu anayi, zida, chakudya ndi pogona, ndalama yake ya mwezi yatha asanaimbe nyimbo ndi imodzi yomwe.

Ndiye pali khalidwe lina limene lazika mizu m'madansi ambiri, ndipo tikulidzudzula popanda kuloza munthu chala. Woimba wongoyamba kumene amaikidwa pansanja dzuwa lili paliwombo, anthu akadali kusanja mipando, amisiri akadali kuyesa zokuzira mawu. Amaimba pamwamba pa nyimbo yojambulidwa kale chifukwa palibe amene wamupatsa nthawi yokonzekera ndi bandi. Akafunsa za malipiro amauzidwa kuti athokoze poti dzina lake lalembedwa pachikalata cholengezera, ndipo ena amachita kuuzidwa kuti alipire kuti aimbe. Pamene akuluakulu a wailesi ndi mamanijala akufika usiku, iye ali kale pa siteji kusaka minibasi yomaliza. Kumeneku n'kudyera ana masuku pamutu, ndipo kuyenera kutchulidwa ndi dzina lake.

Anthu a ku Thyolo sachita kuphunzitsidwa kufunika kokumanitsa katundu ndi wogula. Tiyi walimidwa m'mapiri amenewa zaka zoposa 100. Esiteti ya Satemwa yokha idayamba mu 1923. Tsamba likathyoledwa, kuyezedwa pasikelo, kufota ndi kuuma m'fakitale, zitsanzo zimapita kwa ogula, iwo amalawa, kenako amatchula mtengo ku okishoni ya ku Limbe. Palibe wogula tiyi amene amatchula mtengo chifukwa chongomva mbiri. Nyimbo za kwa Nsabwe zilibe kolawitsira. Akale adati kandimverere adakanena za m'maluwa, ndipo wokonza pulogalamu wa pa wailesi sangakhulupirire kanyimbo kophwanyika mawu kotumizidwa pa WhatsApp monga angakhulupirire zimene wadzionera yekha, gulu likuimba, khamu likuvomera.

Ena adzati kwa Nsabwe n'kutali, akuluakulu a m'tauni sangapiteko. Mawu omwewo akadanenedwa za Dzaleka. Koma mu 2014 Menes La Plume, mlakatuli wothawa kwawo ku Congo, adayambitsa Tumaini Festival mumsasa umenewu wa anthu othawa kwawo ku Dowa, kulowa kwake kwaulere, ndipo anthu akhala akuchoka ku Lilongwe ndi kunja kwa dziko kukaonera, ena n'kugona m'nyumba za anthu a mumsasamo. Balaka nayo sidali likulu la china chilichonse m'zoimbaimba kufikira pamene Paul Banda ndi Alleluya Band adakhazikika kumeneko, situdiyo n'kutsegulidwa, oimba n'kuyamba kukhamukirako. M'zaka za m'ma 1990 dziko lonse lidavina nyimbo za ku Balaka. Anthu amapita kumene kuli chinthu chokonzedwa bwino, ndipo amabwereranso ngati chikuchitika pa nthawi yodziwika.

Thyolo ili ndi mwayi umene Balaka idalibe. Ku Ndata kuli Malawi University of Science and Technology, imene idatsegulidwa mu 2014, ndipo mkati mwake muli Bingu School of Culture and Heritage, kumene ophunzira amaphunzira za nyimbo za mu Africa. Ophunzira amenewa amafuna magulu oti awajambule ndi kuwafufuza, pamene magulu a kwa Nsabwe akufuna wowajambula. N'zodandaulitsa kuti awiriwa angakhale m'boma limodzi osadziwana. Tikupempha akuluakulu a yunivesiteyi kuti chionetsero chotere achitenge ngati gawo la maphunziro: ophunzira akonze zokuzira mawu, ajambule gulu lililonse mawu ndi kanema, ndipo woimba apite kwawo ndi kanema waukhondo wa nyimbo ziwiri. Kanema wotere ndiye chinthu choyamba chimene maphwando aakulu amafuna munthu akamapempha mpata, kaya ndi kunyanja kaya ku Zanzibar.

Palinso chuma cha m'maguleamu. Tchopa, gule wa Alhomwe, adalembedwa ndi bungwe la UNESCO mu 2014 m'kaundula wa zikhalidwe zofunika padziko lonse, ndipo chaka chilichonse mwezi wa October amavinidwa pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe ku Chonde m'boma la Mulanje. Achinyamata ambiri amaganiza kuti kuti atchuke ayenera kumveka ngati oimba a ku Lagos kapena a ku Johannesburg. Sitikuwaletsa, nyimbo zimayenda, ndipo zakhala zikuyenda kuyambira nthawi ya kwela. Koma amene adatulukadi kunja, a Kachamba, Madalitso, Gasper Nali wa ku Nkhata Bay ndi babatoni wake, ngakhalenso agogo Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu amene nyimbo yawo idafalikira pa TikTok atabwereza kuijambula ndi Patience Namadingo, adatuluka ndi zakwawo. Okonza chionetsero aike pansanja imodzi woimba wa hip hop, kwaya ya amayi ndi gulu la ng'oma za tchopa, ndipo aone chimene chingabadwe akamvana.

Ndalama zake sizoopsa. Pakufunika bwalo la sukulu, jenereta, zokuzira mawu zobwereka, basi imodzi yonyamula alendo kuchokera ku Blantyre, ndi kangachepe ka gulu lililonse. Pa kangachepe kameneka tisanyengererepo: aliyense wokwera pansanja alandire thiransipoti, chakudya ndi malipiro olembedwa papepala. Makampani a tiyi amathandiza kale pa masukulu, zipatala ndi mipira ya m'maesiteti, ndipo ana amene tikukamba pano ndi ana a antchito awo. Palinso thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu. Boma la Thyolo lidavutika matenda a chisaka atawononga nthochi zimene mabanja ambiri ankadalira, choncho njira iliyonse yoti wachinyamata apezere ndalama yoyera ndi nkhani ya chitukuko ndithu. Chokhacho, nsanjayo isasanduke msonkhano wa chipani, chifukwa ikatero theka la oimba lidzakhala kunyumba.

Nthawi yake ikhale m'chilimwe, pamene ntchito yothyola yachepa m'minda ndipo misewu ikupitika. Zonse zichitike masana ndi kutha dzuwa lisanalowe, kuti atsikana, amene amatsogolera makwaya ambiri koma makolo sawalola kuyenda usiku, akhale nawo mokwanira. Mmawa, nyimbo zisanayambe, a COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za luso limene lidakhazikitsidwa mu 1992, akhale ndi tebulo lawo pansi pa mtengo n'kulembetsa nyimbo pomwepo. A Musicians Union of Malawi afotokoze m'Chichewa ndi m'Chilomwe zimene munthu ayenera kuona asanasaine pangano ndi situdiyo kapena manijala.

Oyamba kukhala pansi akhale mafumu a kwa Nsabwe, ofesi ya achinyamata pa khonsolo ya Thyolo, atsogoleri a makwaya ndi oimba eniake. Asankhe magulu 10 pochita kuwamva akuimba, osati potengera chibale, ndipo makalata oitanira alendo apite miyezi itatu tsiku lisanafike. Pakatha miyezi 6 okonza abwerenso pamaso pa anthu ndi kunena poyera kuti ndi nyimbo zingati zidalembetsedwa, zingati zidaulutsidwa pa wailesi, ndi magulu angati adaitanidwa kukaimba kwina. Ife tidzasindikiza manambala amenewo monga momwe adzakhalire.