Nyumba zathu zikung'aluka ife tili ku Joni

Tikulemba ndife Amalawi ogwira ntchito ku Johannesburg. Ena timasamalira maluwa pakhomo pa mabwana, ena timachapa ndi kusita, ena timasoka ku Fordsburg. Timakumana Lamlungu loyamba la mwezi pa nkhani ya chipereganyu, ndipo pafupifupi tonse ndalama ya chipereganyuyo imapita kumodzi: kukamanga nyumba kumudzi. Dandaulo lathu likupita kwa inu amisiri a kwathu, amene timakusiyirani thukuta lathu ife tili kutali.

Nkhani inayamba ndi foni ya mnzathu wa ku Mangochi. Kwa zaka zitatu ankatumiza ndalama pa Mukuru mwezi ndi mwezi, mmisiri wake n'kumatumiza zithunzi pa WhatsApp: khoma lafika pawindo, malata akwera, pulasitala watha, penti wowala. Foniyo tinkapatsirana tonse tikuyamikira. Atakwera basi kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka Mwanza kuti akaone ndi maso, anapeza mng'alu wochoka pakona ya zenera kufika pansi, woti chala chimalowa. Anakanda matope a pakati pa njerwa ndi kiyi wa chitseko, mchenga n'kumayoyoka ngati ufa. Mkuyu uja unali wokoma kunja kokha, nyerere zinali m'kati. Atanena zimenezi aliyense anatulutsa yake. Wina denga limadontha pabedi penipeni. Mayi wina wa ku Mzimba chitseko cha kuchipinda sichitsekeka chifukwa felemu inakhala mopendekeka. Wina pansi pa khoma lonse pakuda ndi chinyezi, penti akusupuka.

Sitinaphunzire zomangamanga, koma kutaya ndalama kwatiphunzitsa. Tsopano tikudziwa kuti pomangira njerwa thumba limodzi la simenti la makilogalamu 50 limayenda ndi mawilibala atatu a mchenga. Ena mwa inu mumathira asanu, mwina asanu ndi limodzi, matumba otsala n'kulowera njira imene mukuidziwa nokha. Tikudziwa kuti konkire imafuna kuthiriridwa madzi kwa sabata yathunthu ndipo imafika pa mphamvu yake pakatha masiku 28, pomwe inu mumathira Lachiwiri, Lachitatu mwayamba kale kusanjapo njerwa. Tikudziwa za pepala lakuda la pulasitiki limene limayalidwa pamwamba pa maziko kuti chinyezi chisakwere khoma, limene pa mndandanda wa zogula linalipo koma m'khoma mulibe. Ngakhale za malata tamva: nambala ya geji ikamakwera lata limapepuka, 28 ndi lolimba kuposa 32. Tinalipira a 28. Amene ali pa nyumba zathu akupindika mwana akaponyapo mwala.

Zonsezi ndi zinthu zimene pachithunzi sizioneka, ndipo apa m'pamene taonera kusiyana kwa mmisiri ndi munthu amene wangogwirapo njerwa. Onse awiri amatha kusalaza pulasitala. Onse awiri ali ndi chingwe ndi levulo, ngakhale winayo levulo yake imakhalira m'chikwama. Kusiyana kwawo kuli pa zimene zimakwiriridwa: kuya kwa ngalande ya maziko, zitsulo za m'bimu, kona imene yayezedwa ndi tepi kuti mbali ina ikhale 3, ina 4, chopingasa 5. Mmisiri amachita zimenezi mwini nyumba ali ku Joni, podziwa kuti palibe amene adzafukule n'kuona. Winayo amayamba wayang'ana ngati pali womuona.

Pakati pathu pali mayi mmodzi yekha amene alibe dandaulo, ndipo nkhani yake ndi imene yatipweteka kwambiri. Iye anapeza bambo wachikulire amene anaphunzira kusukulu ya ntchito zamanja ya Nasawa kalekale. Atawauza kuti akufuna nyumba ya zipinda zinayi ndi ndalama imene anali nayo, bambowo anakana. Anati, “Mayi, ndalama imeneyi ndi ya zipinda ziwiri. Timange ziwiri zolimba, zinazo tidzalumikiza mukapeza. Mukafuna zinayi lero, pezani wina.” Mayiyo anakwiya, nafenso tinamuthandiza kukwiya, tinkati mdalayo ndi wodula komanso wamatama. Komabe anawapatsa ntchitoyo, ndipo bambowo anatenga mwezi wathunthu ali pa maziko pokha. Zithunzi zimene ankatumiza zinali zosasangalatsa: dzenje, tepi itaimikidwa m'dzenjemo, malisiti a simenti, matumba opanda kanthu atawasanja kuti awerengedwe. Mvula yoyamba itagwa anapita yekha kukayendera denga, osaitanidwa, n'kusintha misomali iwiri.

Amisiri athu enafe mawu oti “sizingatheke” sawadziwa. Chilichonse ndi “osadandaula bwana, zitheka.” Pulani ayi, amati ili m'mutu. Mapaipi a madzi amadziwa, magetsi amadziwa, matailosi amadziwa, denga amakhoma okha, munthu mmodzi. Poyamba tinkaona ngati tapeza mwayi. Lero tikamva munthu akuti amatha zonse timagwira m'thumba. Ndipo zikalakwika mlandu sukhala wake: ndi dothi la pamalopo, ndi simenti ya masiku ano, ndi Freddy. Inde, namondwe Freddy anagwetsa nyumba zambiri m'chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, ngakhale zomangidwa bwino, ndipo abale athu ena anataya miyoyo. Koma nyumba ya mnzathu wa ku Mangochi inakwera malata chaka chotsatira. Freddy wake uti?

Tisanamizane, nafenso tili ndi mbali yathu. Timasankha wotchipa. Timasankha mwana wa amalume chifukwa chibale n'fupa, ndiye zikavuta timasowa pomugwira, nkhani imathera pa “musayambanitse mtundu chifukwa cha njerwa.” Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 simenti inakwera, ndipo ena mwa ife tinauza amisiri kuti aone chochita ndi matumba omwewo. Koma apo m'pamene tinkafuna munthu wotiuza zoona. Wodwala akapempha theka la mankhwala, dokotala amamuuza kuti sachira. Inu munangoti chabwino, n'kuwonjezera mchenga.

Za mapepala tilibe nazo mwano. TEVETA ilipo kuyambira 1999, masukulu a ntchito zamanja alipo ku Soche, Lilongwe, Namitete, Salima, Mzuzu ndi Livingstonia, ndipo mayeso a Trade Test aliponso. Amene anadutsamo atiwonetse, tidzakondwa. Komabe tawaonapo amisiri abwino amene anaphunzirira pa ntchito, zaka zambiri akuponda matope ndi kunyamulira njerwa mkulu wina asanaloledwe kuimika kona. Amene akutiliza ndi uja wathandizira pa nyumba ziwiri, wagula tepi, mawa lake akudzitcha kontirakitala.

Zimene tagwirizana pa chipereganyu ndi izi. Ndalama tizitumiza pang'onopang'ono, gawo likatha. Tisanatumize ya khoma tizifuna chithunzi cha maziko asanakwiriridwe, tepi ili m'kati. Mutiuze nyumba imene munamanga zaka zisanu zapitazo, m'bale wathu akaione ndi kucheza ndi mwini wake inu palibe. Zimene simudziwa nenani, tiitane wodziwa. Ndipo foni muziyankha ntchito ikatha, monga munkayankhira tsiku lolandira dipoziti.

Mnzathu wa ku Mangochi uja wapeza bambo wina woti akonze. Atayendera nyumba yonse anamuuza kuti khoma la kumadzulo ligwetsedwe mpaka pansi, ndipo sanabise kuti enawo sakuwalonjeza. Ndalama imene anasunga kuti akadye Khirisimasi ndi ana ake chaka chino yapita ku matumba a simenti. Iye atsala kuno, akuthirira maluwa a bwana wake.