Dambo si malo ongokhala

Pa phiri la Kinabalu, ku chilumba cha Borneo, pali chomera chomwe nsonga ya tsamba lake imasanduka chikho chachikulu moti mumalowa madzi opitirira malita 3. Akatswiri amachitcha Nepenthes rajah, dzina lomwe Joseph Hooker anachipatsa mu 1859. Nyerere ndi tizilombo tina timaterereka pamlomo pa chikhocho n'kugwera m'madzi ogaya, ndipo nthawi zina mumapezeka ngakhale khoswe womira. Kanyama kena konga gologolo kamabwera kudzanyambita timadzi totsekemera ta pachivundikiro, n'kusiya ndowe zake m'chikhomo. Chomera chapeza manyowa, kanyama kapita kakhuta.

Chimene chimachititsa zonsezi ndi umphawi wa nthaka. Zomera zodya tizilombo zimamera pamchenga wosukuluka, pathanthwe lonyowa kapena m'chithaphwi cha madzi owawasa, momwe mizu singapeze chakudya chokwanira. Zimene mizu yalephera, masamba amazipeza m'matupi a tizilombo. Pamalo achonde sizilimba, chifukwa udzu ndi tchire zimaziposa msinkhu n'kuziphimba. Ndiye taonani vuto lake: feteleza wokokoloka m'munda wa kumtunda angathe kuzitha zonse popanda munthu kuzulapo ngakhale chimodzi. Ngalande imodzi yokumbidwa kumunsi ingaumitse malo onse. Kafukufuku yemwe anatuluka mu 2020 anawerenga mitundu pafupifupi 860 ya zomerazi padziko lonse, n'kupeza kuti mtundu umodzi mwa inayi iliyonse uli pangozi yakutha.

N'chifukwa chake sindikhutira ndi chizolowezi chathu chomanga mpanda, kuimika chikwangwani n'kunena kuti tateteza. Nepenthes rajah ili ndi mwayi, popeza phiri lake lonse linakhala malo otetezedwa mu 1964, ndipo madzi ake amachokera kumwamba kumene kulibe minda. Zinzake zambiri zili kuchigwa, kumene madzi amadutsa kaye m'manja mwa anthu ambiri asanazifike.

Zimene zinachitika ku Central Kalimantan, mbali ya Indonesia ya chilumba chomwecho, n'zofunika kuti aliyense wolemba mapulani a chitukuko azidziwe. Chapakati pa zaka za m'ma 1990, boma la Pulezidenti Suharto linayang'ana nkhalango ya m'madambo n'kuona malo ongokhala. Linaganiza zosandutsa mahekitala 1 miliyoni kukhala minda ya mpunga, ndipo linakumba ngalande zotalika makilomita masauzande. Nthaka ya kumeneko ndi masamba ndi mitengo yomwe yakhala ikuwolerana m'madzi kwa zaka zikwizikwi. Itauma, mpunga sunachite bwino, koma moto unapeza nkhuni. Mu 1997 nthakayo inayaka mpaka pansi, utsi n'kuphimba Singapore ndi Malaysia, ndipo mu 2015 zinabwerezanso. M'madambo amenewo ndi momwe mumamera mitundu ingapo ya Nepenthes. Sizinaonongeke chifukwa wina anazida. Wolemba pulaniyo sanaziike n'komwe m'mutu.

Mu 2007 maiko atatu a pachilumbachi, Brunei, Indonesia ndi Malaysia, anasainirana pangano lotchedwa Heart of Borneo, losamalira limodzi dera la masikweya kilomita pafupifupi 220,000. Ganizo lake n'labwino, chifukwa mtsinje ndi moto sizionetsa chiphaso pamalire. Koma dera lalikulu la panganoli ndi la kumapiri a pakati, pomwe minda ya kanjedza wa mafuta ikudya kwambiri zigwa. Ndipo pangano silikwera thanthwe kukalondera. Pa phiri la Kelam, pafupi ndi Sintang, pali Nepenthes clipeata, yomwe simera kwina kulikonse. Ozula zomera kuti akagulitse kwa olemera okonda maluwa achilendo, pamodzi ndi moto, aisiya yochepa kwambiri.

Wina anena kuti za ku Borneo zikutikhudza chiyani. Zomera zodya tizilombo tili nazo konkuno, kungoti n'zazing'ono ndipo timaziponda. M'madambo a Malawi ndi Zambia muli Drosera, kachomera kofiirira ka masamba a ubweya wokhala ndi timadontho tomata, tomwe ntchentche ikatera siulukanso. Mulinso Utricularia, yomwe timatumba take timayamwa tizilombo ta m'madzi mwachangu choposa kuphethira kwa diso. Malo ake ndi omwewo amene ife timafuna dimba, dothi la njerwa, mchenga ndi puloti yotsika mtengo. Ena amadzalamo bulugamu n'kumati akubwezeretsa chilengedwe, pomwe akuumitsa kasupe.

Mlimi wa dimba sindimuimba mlandu. Mvula ikavuta, dambo ndilo limapulumutsa banja. Mlandu uli kwa ife amene timajambula mapu, chifukwa tikati chilengedwe timangoona njovu ndi mitengo ikuluikulu. Mu 2015 Malawi ndi Zambia anasainirana pangano losamalira limodzi madera a m'malire, kuphatikizapo Nyika, ndipo tikamalikamba timakamba za nyama ndi alenje ozembera. Komatu chuma chachikulu cha Nyika ndi udzu, maluwa ndi madambo omwe amatulutsa mitsinje ngati North Rukuru. Malonda a chikanda, chakudya chopangidwa ndi timbatata ta maluwa a m'madambo, atiphunzitsa kale kuti msika wa dziko lina ungathe kukumbitsa dambo la kuno. Anzathu a ku Tanzania anazindikira zimenezi, ndipo mu 2005 anakhazikitsa paki ya Kitulo makamaka chifukwa cha maluwa ake.

Chomwe ndikupempha si kutseka madambo onse. Khonsolo iliyonse ikamalemba pulani ya kagwiritsidwe ntchito ka malo, iyambe yatumiza anthu odziwa zomera kuti akayende m'madambo nyengo ya mvula, pamene tizomerati timaoneka, osati mu Okutobala kutapsa. Mutu wa dambo, pomwe madzi amatumphukira, ulembedwe pamapu ndipo usakumbidwe ngalande kapena kugawidwa mapuloti. Mafumu, omwe ndi amene amagawa malo ambiri, akhale nawo pokambirana kuyambira pachiyambi. A khonsolo, musanasaine chilolezo china cha padambo, funsani kaye kuti ndani anapitako kukaona zomwe zimamera pamenepo.