CHUTHI CA MASIKU 7: YAMBANI PA RAYLTON

Abale anga a ku migodi, masiku ano pali anyamata amene akapatsidwa chuthi ca masiku 7 amabereka cikwama kumsana, nanena kuti akukaona Zimbabwe yense. Mtima wotere ngwabwino, koma dziko lino kukula kwace liposa Malawi katatu. Kucokera ku Bulawayo kufika ku Harare pali makilomita ngati 440, ku Mutare ngati 580, ndipo ku mathithi a Victoria Falls ngati 440 enanso, koma kumbali ina. Wofuna zonsezi pa mlungu umodzi adzangoona mpando wa basi, ndalama za ana zidzathera m'matikiti, ndipo akacedwa tsiku limodzi adzapeza kapitao atalemba kale dzina lace. Paja mapanga awiri abvumbwitsa.

Cotero sankhani njira imodzi. Kwa munthu wa mgodi ine nditi njira yace ndi ya ku Hwange, ndipo iyambira pa Raylton.

Raylton ali pambali pa siteshoni ya Bulawayo, poyenda ndi miyendo pokha. Njanji inafika m'mzindamu mu 1897, ndipo malowa anamangidwira Azungu a nchito ya njanji, pamene anthu akuda anali kukhala kukomboni. A kukomboniwo ndiwo anayamba sitiraka ya pa njanji mu October 1945. Tsiku loyamba litherereni m'nyumba yosungira sitima zakale, imene inatsegulidwa pa Raylton mu 1972. Alendo ambiri amathamangira ngolo ya Cecil Rhodes, imene inanyamulanso maliro ace mu 1902. Ionenidi, koma inu mukaime nthawi pa mainjini akulu a Garratt. Zimphona zimenezi zinali kudya malasha a ku Wankie, okumbidwa ndi manja onga anuwa.

Sitima zonyamula anthu zinaimitsidwa mu 2020, ndiye yambani mwafunsa pa siteshoni musanaziwerengere. Zikalephereka, kwerani basi m'mamawa, ndipo tsiku lonse lipatseni kwa mseu.

Tsikani pa Hwange, Wankie wakale uja, mugonepo. Ambiri amangopitirira, ati pali fumbi lokha. Pa 6 June 1972 mgodi wa Number 2 unaphulika pa Kamandama, nuphetsa amuna 427, ena a iwo ocokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique. Ambiri sanaturutsidwe, agona momwemo pansi. Pali cikumbutso cao, ndipo munthu amene amalowa pansi tsiku ndi tsiku ayenera kukabvulapo cipewa kamodzi pa moyo wace. Kumeneko eni dziko ndi Anambya, mudzamvanso Citonga ndi Sindebele, koma perekani moni m'Cicewa pa msika muone ngati sadzakuyankhani nkhalamba. Musacite naco manyazi cinenero canu: malamulo akulu a dziko lino a 2013 anaciwerenga pa zinenero 16 za boma.

Kucoka apo kufika ku mathithi ndi makilomita ngati 100. M'miyezi ya April ndi May madzi amakhala ambiri, ndipo nthunzi yace imanyowetsa munthu ngati mvula ya December. M'October ndi November amacepa, matanthwe naoneka bwino. Mlatho wa njanji umene mudzaona pa cigwa unatha mu 1905. Tengani citupa canu, pakuti pacipata amacifuna. Mkate ndi zakumwa gulirani ku Hwange, cifukwa mitengo ya ku mathithi anaikira alendo a kunja, si ife ai.

Tsiku lacisanu bwererani ku Bulawayo. Lacisanu ndi cimodzi ndi loikira padera, cifukwa basi imafa panjira osapempha. Ikakhala kuti sinafe, pitani ku Khami, makilomita 22 okha, mukaone malinga a miyala a mafumu akale. Kapena ku mapiri a Matobo, ngati muli angapo osonkherana galimoto. Great Zimbabwe ndi mapiri a ku Mutare adikire chuthi cina.

Ndalama yobwerera muisokerere m'thumba lina musananyamuke, ndipo pofika madzulo a tsiku lacisanu ndi ciwiri mukhale muli kukomboni, jombo zanu zili pakhomo.