Chakhumi mwapereka, nanga anti mwawalipira?

Mwezi ukatha, m'nyumba zambiri za ku Area 47, ku Namiwawa ndi ku Katoto mumamveka mawu amodzimodzi: "Anti, mupirire kaye, mwezi uno zinthu sizili bwino." Wolankhulayo si munthu wosapemphera ayi. Ndi mayi wa mvano, mkulu wa mpingo kapena tcheyamani wa mphakati, ndipo envelopu yake ya chakhumi inapita kale ku tchalitchi Lamulungu lapitali, dzina litalembedwa bwinobwino pamwamba. Mulungu walandira zake pa nthawi yake. Mtsikana amene wachapa, kukolopa, kuphika ndi kubereka mwana kumsana masiku 30 ndiye adikire.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse m'dziko muno, pafupifupi 77 ndi Akhristu. Ndiye tisanamizane. Odyera masuku pamutu antchito apakhomo, alonda ndi aganyu sachokera kudziko lina. Ambiri ndi ifeyo, oyimba kwaya ndi ochezera m'mapemphero usiku wonse.

Mu February 2024 boma linaika malipiro otsikitsitsa a wantchito wapakhomo pa K52,000 pamwezi, pomwe a ntchito zina anali K90,000. Apo n'kuti kwacha itangogwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023. Munthu akagula thumba la chimanga pa ndalama imeneyo, yotsalayo inali ya kuchigayo, mchere ndi bonya wa masiku ochepa. Komabe aliyense wa ife akudziwa khomo limene ngakhale kandalama kameneko sikankakwana. Lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limapatsa wantchito tsiku lopuma pasabata, tchuthi cholipidwa pachaka, ndiponso masabata 8 a uchembere kwa mayi woyembekezera. Pakhomo pa Mkhristu, mtsikana akangooneka kuti ali ndi pakati amapatsidwa ya basi, n'kuuzidwa kuti waipitsa mbiri ya banja lopemphera.

Chondiwawa n'chakuti nkhaniyi si yobisika m'Baibulo. Buku la Deuteronomo, mutu 24, limalamula kuti waganyu wosauka alipidwe tsiku lomwelo, chifukwa moyo wake uli pa ndalamayo. Levitiko 19 amaletsa kugoneka malipiro a munthu. Kalata ya Yakobo, mutu 5, imawerengera malipiro obedwa ngati mlandu umene wafika kale kwa Mulungu. Ngakhale lamulo la Sabata, limene ana a Sande sukulu amaloweza, limatchula antchito pakati pa oyenera kupuma. Tsono onani zimene zimachitika Lamulungu m'mawa: banja lonse lakwera galimoto, zovala zositidwa ndi anti, ndipo antiwo atsala akusosola nkhuku chifukwa masana kubwera alendo a kumpingo. Antiwo adzapemphera liti? Mlaliki amene amadziwa pamtima vesi la Malaki lonena za chakhumi amaiwala kuti m'mutu womwewo, mavesi ochepa m'mbuyo, mneneriyo akudzudzula opondereza waganyu pa malipiro ake.

Yankho limene timakonda ndi lakuti, "Uyutu timamusunga ngati mwana wathu." Mwana wanu uti amene amadya mkute ali chiimire kukhitchini? Mwana wanu uti amene amagona pa mphasa pafupi ndi matumba a makala? Ambiri mwa atsikanawa anatengedwa kumudzi ndi lonjezo la sukulu. Makolo anavomera chifukwa wowapemphayo ndi wachibale, ndiponso wopemphera. Zaka zitatu zikutha, yunifolomu sinagulidwe, ndipo malipiro akuti "tikukusungira", osalemba paliponse. Chibale chikalowa pakhomo, mgwirizano wa ntchito umatulukira pazenera, poti wachibale sawerengera maola.

Dziko lino linaonapo kale mchitidwe wolipira munthu ndi malo ogona. Unkatchedwa thangata. Ku Magomero, komwe amishoni a UMCA anayamba ntchito yawo mu 1861, kunadzakhala minda ya A. L. Bruce, ya banja la mkamwini wa David Livingstone. Anthu okhala m'mindamo ankagwira ntchito yosalipidwa ngati lendi ya malo, ndipo matchalitchi amene otsatira a John Chilembwe ankamanga kumeneko ankatenthedwa. Chilembwe anali mbusa wa ku Mbombwe, ku Chiradzulu, ndipo china mwa zimene zinamufikitsa pa kuukira kwa 23 January 1915 chinali nkhanza za m'mindamo. Chaka chilichonse pa 15 January timamukumbukira ndi mapemphero ndi zolankhula zokoma. Tikatero timabwerera kunyumba komwe mnyamata wa m'dimba amalipidwa ndi kachipinda ka kuseri ndi nsima ya masana.

Mpingo wa ku Malawi sungati nkhani ya malipiro ndi yachilendo kwa iwo. Kalata ya maepiskopi a Katolika imene inawerengedwa pa 8 March 1992 timaikumbukira ngati chiyambi cha ndale za zipani zambiri, ndipo n'zoona. Koma ina mwa mitu yake inali ya m'mimba: kusiyana kwa olemera ndi osauka, malipiro osakwanira a antchito, mitengo yotsika imene alimi ankagulitsira mbewu zawo. Boma la Kamuzu linati kalatayo ndi youkira, Monsignor John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko, ndipo mu May chaka chomwecho antchito a ku David Whitehead ku Blantyre ananyanyala ntchito. Atsogoleri a mpingo aja anaika miyoyo yawo pachiswe polankhula za malipiro kwa boma loopsa. Lero mbusa akuopa kulankhula zomwezo kwa mkulu wa mpingo, chifukwa mkuluyo ndiye analonjeza malata a holo.

Ndisanamizire onse. Bungwe la Centre for Social Concern ku Kanengo lakhala zaka zambiri likuwerengera ndalama zimene banja limafuna pamwezi kuti lidye ndi kukhala, komanso kulankhulira matenanti a m'minda ya fodya. Koma zinatengera dziko la America kuyamba kugwira fodya wa ku Malawi pamadoko ake mu November 2019, chifukwa cha ntchito yokakamiza ndi yogwiritsa ana, kuti ambiri adzidzimuke. Nyumba ya malamulo inathetsa utenanti mu 2021. Eni minda aja ankakhala mipando yakutsogolo m'matchalitchi zaka zonsezo, ndipo pa Pepa Sande mayina awo ankaomberedwa m'manja.

Wina anena kuti, "Inenso ndine mphunzitsi, malipiro anga sakwana, ndiye ndichotse kuti?" Funsolo ndi lomveka, ndipo sindikulipeputsa. Koma kusowa kwanu sikukupatsani ufulu wotenga nthawi yonse ya munthu pa mtengo wa theka. Ngati mungathe theka, gwirizanani kuti azibwera masiku atatu pasabata, kapena aziweruka masana, kuti akapeze ganyu kwina. Zikakanika, chapani nokha. Manja a Mkhristu safa ndi sopo. Ndipo mwezi umene ndalama sizikukwanira zonse ziwiri, lipirani wantchito kaye, envelopu idikire. Abusa ena sakondwa nazo zimenezi, koma ndalama ya malipiro si yanu kuti muipereke nsembe. Mwini wake ali kukhitchini kwanu.

Mipingo nayonso iyang'ane m'mabuku ake. Mlonda wa patchalitchi, wosesa ndi wophika kunyumba ya abusa kawirikawiri amauzidwa kuti akutumikira Mulungu, ngati kuti wogulitsa ufa pamsika amalandira madalitso m'malo mwa ndalama. Mpingo wotha kusonkha ya galimoto ya abusa pa Lamulungu limodzi sungalephere kulipira mlonda wake mogwirizana ndi lamulo.

Tili ndi mwambo wa chilango m'mipingo yathu. Mtsikana wotenga mimba ya pathengo amaimitsidwa mgonero, wofulula kachasu amaitanidwa kubwalo la akulu, wotenga mitala amadulidwa. Ine sindinamvepo munthu ataitanidwa chifukwa wamana mlonda wake malipiro a miyezi itatu. Akulu a mpingo ndi atsogoleri a miphakati amayendera kale Akhristu m'makomo. Ulendo wotsatira, akatha kupemphera pabalaza, apemphe kuonana ndi amene wabweretsa tiyi uja, bwana ndi dona atatuluka, amufunse kuti analandira liti komaliza, analandira zingati, ndipo amapuma tsiku liti.