Dokotala wa Amisala Sali Wamisala

Pakati pa ife amene tiphunzira udokotala pali mkhalidwe woipa umene uyenera kutha. Wophunzira akanena kuti adzasankha nchito ya opareshoni, anzace amgwira dzanja. Koma wina akati afuna kuciritsa odwala misala, onse aseka, nafunsa kuti, "Kodi nawenso zayamba?" Kumudzi atate ace adandaula kuti anagulitsa ng'ombe pacabe. Ine nditi kuseka kumeneku ndi umbuli wobvala malaya oyera.

Tiyeni tikumbuke kumene tacokera. Dziko lino lisanakhale ndi cipatala cace ca matenda otere, odwala ena anatsekeredwa m'ndende pamodzi ndi mbala, ndipo ena anatumizidwa ku Ingutsheni, ku Bulawayo, kutali ndi abale ao. Cipatala ca Chainama cinatsegulidwa ku Lusaka m'caka ca 1962. Lamulo la atsamunda, limene linachula anthu ena odwala kuti zitsiru, linafafanizidwa m'caka ca 2019. Lamulo lasintha, koma mitima yathu ikali m'ndende muja.

Oseka ati misala siciritsika. Limeneli ndi bodza. Kuyambira m'caka ca 1952, pamene madokotala a ku France anayesa mankhwala a chlorpromazine, anthu ambiri amene akadafera m'maunyolo abwerera kwao kukalima. M'caka ca 1954 Dokotala Thomas Lambo wa ku Nigeria anayamba kusunga odwala m'midzi ya pafupi ndi cipatala ca Aro, aliyense ndi mbale wace womsamala, naonetsa kuti mudzi uthandiza kuciritsa. Nanga matenda a shuga acira? Munthu amwa mankhwala moyo wace wonse, koma palibe aseka dokotala wace.

Atinso nchitoyi ndi yongoceza, yoyenera aulesi. Kodi waulesi angathe kusiyanitsa mnyamata wosokonezeka ndi camba, mwana wa malungo a m'bongo, mdala wonjenjemera posowa kacasu, ndi mai amene wasweka mtima atangobala? Onsewa angafike akubwebweta, koma mankhwala ao ndi osiyana, ndipo wolakwitsa aika munthu m'manda. Makolo anati wamisala anaona nkhondo. Anadziwa kuti m'mau a wodwala muli zoona, ndipo kuzimva kufuna luso loposa la mpeni.

Cifukwa cace ndidzudzula maphunziro opatsa matenda a maganizo masabata owerengeka okha, ngati ndiwo zotsala m'mbale. Wophunzira sangakonde cimene anangociona pazenera.

Inu amene mwatsiriza sukulu, ndipo mufuna udokotala, musasankhe poopa kusekedwa. Munthu uja atola zinyalala pa msika ali ndi dzina, ali ndi mfunda, ali ndi amai amene sagona tulo. Tonse tikathamangira mpeni, adzamuona ndani?