Lekani Kutamanda Mphatso ya Percy Sledge

Loweruka lapitali ndinali pa ukwati ku Matero. Nthawi yodula keke itakwana, DJ anazimitsa zonse zamanje n'kuika nyimbo ya 1966, When a Man Loves a Woman. Ogani ija itangoyamba kulira, ambuya amene anali kuwodzera pampando ananyamuka, atsikana a pa laini n'kukweza mafoni m'mwamba. Pafupi nane panali mudala wina wa tayi yofiira. Anandikodola n'kundiuza nkhani imene ndaimva kambirimbiri: ati Percy Sledge anali ndi mtima wa golide, nyimbo yaikulu chotere anaipereka kwa anzake ulele. Anakamba ngati akukamba za woyera mtima wa mu tchalitchi.

Nkhani iyi imandiwawa. Ndipo inu a mu komboni amene mumachezera usiku wonse mu tumasitudiyo twa kuseri kwa nyumba, ndinu amene ndikufuna muleke kuigwedezera mutu.

Tiyambe ndi munthuyo. Sledge anabadwira ku Leighton, m'chigawo cha Alabama ku America. Anakulira m'minda ya thonje, pambuyo pake n'kupeza ntchito pa chipatala cha ku Sheffield, yonyamula ndi kusamalira odwala. Kumapeto kwa sabata anali kuimba ndi gulu lotchedwa Esquires. Malinga ndi iye mwini, nyimboyi inabadwa usiku wina pa siteji, chibwenzi chitamuthawa: anauza anzake kuti angoliza chilichonse, iye n'kuyamba kutulutsa za kumtima. Anaijambula kumayambiriro kwa 1966 mu situdiyo yaing'ono ya Quin Ivy ku Sheffield komweko, Spooner Oldham ali pa ogani, Roger Hawkins pa ng'oma. Malipenga ake ndi osokonekera pang'ono, mvetserani bwino chakumapeto mudzamva. Kampani ya Atlantic inaitulutsa, ndipo mu May chaka chomwecho inakhala nambala 1 pa mndandanda wa Billboard.

Manje yang'anani pa lekodi, pansi pa mutu wa nyimbo pamene amalemba eni ake. Pali maina awiri: Calvin Lewis ndi Andrew Wright, woliza besi ndi woliza ogani a gulu la Esquires. La Sledge palibe. Iye anali kukamba kuti anawapatsa chifukwa anamuthandiza. Ena amati awiriwo analidi ndi dzanja lalikulu pa nyimboyo. Mkangano uwu ukanatha ndi kapepala kamodzi kokhala ndi maina atatu, koma kapepalako sikanalembedwe.

Mwina mukuti, dzina chabe? Mverani mmene ndalama za nyimbo zimayendera, pakuti izi sakuphunzitsani ku sukulu ndipo wopanga mabiti sadzakuuzani. Nyimbo iliyonse ili ndi chuma chiwiri. Choyamba ndi nyimbo yeniyeniyo, mawu ndi kaimbidwe kake. Ichi ndi cha amene analembedwa kuti ndiwo anaipeka. Chachiwiri ndi chojambulidwacho, liwu lija limene lili pa lekodi. Ichi kambiri chimakhala m'manja mwa kampani, woimba n'kumapatsidwako kagawo. Munthu wina akaimbanso nyimboyo, amalipira oipeka, osati amene anayamba kuiimba. Ku America n'zoipirapo: mawailesi wamba akaliza nyimbo amalipira oipeka okha, woimba osaona olo ngwee.

Ndiye werengani maulendo amene nyimbo iyi yabwerera. Bette Midler anaiimba mu filimu ya The Rose mu 1979. Mu 1987 inamveka pa malonda a majinzi a Levi's ku Britain, n'kukwera mpaka nambala 2 kumeneko, patapita zaka 21. Mu 1991 Michael Bolton anaijambulanso, inakhalanso nambala 1 ku America, iye n'kulandira Grammy. Mu 1994 kunatuluka filimu ya Meg Ryan ndi Andy Garcia yotenga mutu womwewo. Pa ulendo wa Bolton uja, ndalama za oipeka zinapita kwa Lewis, Wright ndi kampani yosunga nyimboyo. Munthu amene anailira kuchokera m'chifuwa anangomva pa wailesi ngati inu ndi ine.

Mudala wa tayi uja anati, "Koma iwe mwana, si anatchuka? Si anazungulira dziko?" Zoona, bamudala. Anafika mpaka ku South Africa mu 1970, maholo n'kudzaza, ndipo malekodi ake analira m'nyumba za makolo athu kuno. Mu 2005 analowetsedwa mu Rock and Roll Hall of Fame. Koma kutchuka kumafuna kuti uimirire pa siteji. Tsiku limene mmero wauma, kapena bondo lakana, kutchuka sikugula unga. Dzina la pa pepala limagwira ntchito iwe uli gone, limagwira uli m'chipatala, limadyetsa ana ako iwe uli m'manda. Sledge anayenda ndi nyimbo imodziyi pafupifupi zaka 50, kuiimba mzinda ndi mzinda, mpaka anamwalira ku Baton Rouge pa 14 April 2015. Atakalamba anavomera yekha kwa atolankhani kuti chija chinali chisankho choipa. Mwini wake anadandaula, inu mukuombera m'manja chiyani?

Pali ena amene amanditsutsa ndi mawu okoma kuposa apa. Amati ife ndife anthu a umunthu, chako n'changa, za mapepala n'za azungu, ukatulutsa bolopeni pakati pa abale ndiye kuti suwakhulupirira. Awa ndiwo ndimawaopa kwambiri, chifukwa kambiri wokamba mawu awa ndi amene dzina lake lalembedwa kale. Kugawana ndi kwabwino, ndipo sindikuti Lewis ndi Wright anayenera kumanidwa. Anathandiza, anayenera kudya. Koma kugawana ndi kuika mbale pakati, aliyense n'kutapako. Kuchoka pa mphasa ndi njala, anzako n'kutsala ndi mbale yonse, si umunthu. Ngakhale kumudzi munda wa m'bale uli ndi malire, ndipo a nyakwawa amawadziwa.

Chimandiseketsa n'chakuti nyimboyo imakamba za mwamuna amene chikondi chamutseka maso, wotaya zake zonse, wosaona chimene aliyense akuchiona. Ife timaivina pa ukwati osamva chenjezo lake. Mwini wake nayenso sanalimve.

Musaganize kuti izi n'za ku Alabama chabe. Paul Ngozi anamwalira mu 1989. Ndani mu 1977, pamene Ngozi Family inali kujambula Nizakupanga Ngozi, akanalota kuti mu 2024 Tyler, the Creator adzadulako chidutswa n'kuchiika mu nyimbo yake Noid, dziko lonse n'kumva Chinyanja? Malekodi a WITCH amene anali kudyedwa ndi fumbi anasindikizidwanso kunja, Jagari Chanda n'kubwerera pa siteji ali mudala. Nyimbo simadziwa tsiku limene idzauka. Ikauka, a maloya safunsa kuti ndani analira kwambiri mu situdiyo. Amafunsa kuti dzina la ndani lili pa pepala. Tili ndi lamulo la kukopera la 1994, tili ndi ZAMCOPS imene ntchito yake ndi kulembetsa nyimbo ndi kutolera ndalama za eni ake. Mungadandaule kuti zimene amatolera n'zochepa, ndipo dandaulo ilo tidzalikamba tsiku lina. Koma amene sanalembetse alibe ngakhale poyambira kudandaula.

Mwana wa alongo anga, mnyamata wa zaka 19, ali ndi liwu loti likhoza kuimitsa minibasi. Mwezi watha anapeka kolasi mu situdiyo ina ya mu komboni mwathu, anaiimba yekha, n'kupatsidwa ya transipoti ndi ka chakumwa. Nyimboyo manje ikulira m'mabala, pa foni yake yomwe ikulira, koma pa chithunzi pali maina a anthu awiri ena. Nditamufunsa anati, "Amalume, ni ba boss, bananithandiza maningi. Nizaoneka monga nili na dyera."

Ndinamukhazika pansi n'kumuliziranso Percy Sledge, kuyambira pa ogani mpaka pa malipenga osokonekera aja. Anati nyimbo ni yabwino. Ndinamuonetsa maina awiri a pa lekodi, n'kumuuza kuti afunefune lachitatu. Anayang'ana nthawi yaitali. Lolemba tikupita limodzi kwa ba boss, ndipo bolopeni ndanyamula ine.