Mphunzitsi wa masamu azitha kuyankha "chifukwa chiyani?"

Mwana wa Sitandade 3 akapatsidwa samu ya 52 kuchotsera 27 n'kupeza 35, sikuti wangolota. Waona kuti 7 sangachoke pa 2, ndiye watembenuza n'kuchotsa 2 pa 7, kenako 2 pa 5. Njira ali nayo, yolakwika koma yotsatirika. Wophunzira zauphunzitsi yemwe sangaone njirayo angothetha, n'kulamula kalasi yonse kubwereza mokweza kuti "timabwereka". Mawa mwanayo alakwitsanso chimodzimodzi.

Pali anthu amene amati vuto lili pakhomo lolowera ku koleji ya aphunzitsi (TTC). Iwo amati ambiri opita ku TTC za Lilongwe, Kasungu, Karonga kapena Machinga amapitako atalephera kupeza malo ku yunivesite, ndipo ena mwa iwo masamu ankawathawa ku sekondale. Choncho boma lizingotenga okhawo amene anakhoza bwino masamu pa MSCE. Mfundoyi njosapeputsa. Maphunziro aulere atayamba mu 1994, ana m'sukulu za pulayimale anachuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni, ndipo boma linalemba aphunzitsi zikwizikwi osaphunzitsidwa ntchito, omwe anadzasulidwa pambuyo pake kudzera mu pulogalamu ya MIITEP. Pa kafukufuku wa SACMEQ wa 2007, ana athu a Sitandade 6 anali m'gulu la kumunsi kwenikweni pa masamu poyerekeza ndi a m'maiko ena. Amene anaona zimenezi sangafunenso kuti khomo likhale lotsegukira aliyense.

Ena akuti kukhoza MSCE sikutanthauza kuganiza. Wophunzira atha kuloweza mafomula ndi mayankho a mapepala akale n'kupeza credit, koma mutamufunsa chifukwa chomwe theka kuphatikiza 1/3 silingakhale 2/5, n'kusowa chonena. Chonsecho yankho silifuna fomula: 2/5 n'chochepa kuposa theka lomwe tinayamba nalo, ndiye kuphatikiza kungachepetse bwanji chinthu? Akuwonjezanso kuti kuthinitsa khomo kuchepetsa aphunzitsi, pamene kumidzi kuli makalasi a ana oposa 100.

Ine ndikutsamira kwa achiwiriwa, ngakhale nawo pali pomwe akuterereka. Munthu sangalingalire pa chinthu chomwe sakuchidziwa, ndiye wosatha kugawa manambala sangasanduke katswiri chifukwa choti wamuika pagulu lokambirana. Nthawi nayo njochepa. Maphunziro a uphunzitsi a IPTE ndi a zaka ziwiri, materemu awiri amathera kusukulu yoyeserera, ndipo mphunzitsi wa pulayimale amakonzekera maphunziro onse, Chichewa, Chingerezi, sayansi ndi ena otero. Kusukulu yoyeserera wophunzira zauphunzitsi amatengera zomwe wapezako; ngati womuyang'anira amaphunzitsa moimbitsa ana, nayenso aziimbitsa.

Chomwe chimandidandaulitsa kwambiri n'chakuti zida zophunzitsira kuganiza tili nazo kale. Timitengo 52 tomangidwa m'mitolo isanu ya mateni, tiwiri totsala pambali. Mwana akufuna kuchotsa 7, alibe, ndiye amasula mtolo umodzi ndi manja ake, mawani akhala 12, mitolo yatsala inayi. Waona yekha komwe teni uja wachokera. Koma wophunzira zauphunzitsi amene sanamasulepo mtolo wotero, amene masamu ake onse a sekondale anawamva m'Chingerezi ndipo tsopano ayenera kuwalongosola m'Chichewa, amanyamula timitengo kuti woyendera amuone, osati chifukwa akudziwa ntchito yake.

Malire olowera akhalepo ndithu, koma mphamvu zambiri zipite pa mayeso otulukira, poti wophunzira amakonzekera zomwe akudziwa kuti adzafunsidwa. A MANEB ndi a MIE ku Domasi atha kuika pepala lomwe lili ndi ntchito yolakwika ya mwana, wolemba mayeso n'kunena pomwe mwanayo wasokonekera ndi funso lomwe angamufunse. Akamayeserera kuphunzitsanso, womuyesa azimvetsera ngati wafunsako ana kuti "mwapeza bwanji?", komanso ngati wadikira kuti ayankhe.